Momwe mungaphwanyire nambala yaikulu kwambiri pa kompyuta

Mnyamata wina wa ku kalabu yathu ya kompyuta anabwera ndi nambala ya madijiti 40. Anali atalemba kapulogalamu ka Python koti kazigawa nambalayo ndi 2, ndi 3, ndi 4, kumangokwera choncho, n'kusiya laputopu ikuyaka usiku wonse kunyumba kwawo kufupi ndi msika wa pa Boma. M'mawa anandipeza maso ali psuu. "Aphunzitsi, siikumaliza. Kaya laputopuyi yakalamba?"

Laputopu inalibe mlandu. Nambala ija inapangidwa pochulukitsa mapulayimu awiri a madijiti 20 aliyense, ndipo ngakhale kompyuta itamagawa ka 1 biliyoni pa sekondi iliyonse, ingathe zaka zoposa 300 isanafike pa fakita yoyamba. Tinaiphwanya pa laputopu yomweyo tiyi wanga asanazizire.

Ambiri amagwera pamenepa: ophunzira a ku koleji opatsidwa funso la RSA (njira yobisira uthenga imene kiyi yake imakhala ndi nambala yaikulu yopangidwa pochulukitsa mapulayimu awiri), aphunzitsi a masamu, ndi anyamata ochita mipikisano ya CTF, yothyola mafunso a chitetezo cha makompyuta. Amatenga njira imodzi n'kuikakamiza pa nambala iliyonse. Chimene chimasankha njira ndi kutalika kwa nambala, ndipo mumayamba ndi zotchipa, zodula n'kubwera pambuyo.

Kuti timvane: fakita ndi nambala imene imalowa mwa inzake popanda chotsala. Pulayimu ndi nambala imene mafakita ake ndi 1 ndi iyo yomwe basi, monga 7 kapena 641. Kuphwanya nambala ndiko kupeza mapulayimu onse amene mukawachulukitsa akupatsani nambalayo.

## Zimene mufunika

- Laputopu kapena kompyuta ya ma core 2 kupita m'mwamba (core ndi chigawo cha processor chogwira ntchito pachokha), RAM yosachepera 4 GB. Mukadutsa madijiti 110, 8 GB ndiyo yabwino.
- Linux, monga Ubuntu. Ngati muli pa Windows 10 kapena 11, ikani WSL, imene imayendetsa Linux mkati mwa Windows.
- PARI/GP, pulogalamu yowerengera masamu, ndi GMP-ECM, yosakira mafakita. Pa Ubuntu: `sudo apt install pari-gp gmp-ecm`
- YAFU, pulogalamu ya Ben Buhrow, imene ili pa GitHub.
- CADO-NFS, pulogalamu yophwanyira manambala aakulu kwambiri, pokhapokha ngati nambala yanu ikufika madijiti 95.
- Python 3.8 kapena yatsopano kuposa apo.
- Bandulo ya intaneti yokopera mapulogalamu. Ntchito yeniyeni siifuna intaneti.
- Batire la laputopu losunga moto, kapena sola ndi inveta.
- Kope ndi cholembera.

Zonsezi ndi zaulere. Amene ali ndi foni yokha asataye mtima: ikani Termux kuchokera ku F-Droid, muli lamulo la `factor`, ndipo mutha kuikamo Python ndi sympy. Tsamba la Dario Alpern lotchedwa Alpertron nalo limaphwanya manambala pa Chrome pomwepo. Koma foni ikayamba kutentha ngati mbaula, musaikakamize kupitirira madijiti 60 kapena 70.

## Sitepe 1: Sungani nambala bwino, werengani madijiti

Ikani nambala mu fayilo yakeyake, tinene `nambala.txt`, pa mzere umodzi, popanda makoma kapena mipata. Tsegulani PARI polemba `gp`, kenako:

```
N = read("nambala.txt");
#digits(N)
```

Lembani yankho m'kope, chifukwa zonse zotsatira zidalira pamenepo.

- Madijiti osakwana 40: `factor(N)` mu PARI imaliza musanadzuke pampando.
- 40 mpaka 95: YAFU.
- 95 mpaka 140 kapena 150: CADO-NFS, ndi kupirira.
- Kuposa 160: laputopu imodzi siingathe, pokhapokha nambalayo itakhala ndi chilema chimene tiona pa sitepe 4 ndi 6.

Chenjezo: musaidutsitse mu Excel. Excel imasunga madijiti 15 oyamba okha, otsalawo imawasandutsa ziro osakuuzani. Nambala yokopedwa mu PDF kapena pa WhatsApp nayo imabwera itaduka pakati, ndiye werengani madijiti muone ngati akufanana ndi amene anakupatsani. Ndipo ngati muli zilembo monga A, C kapena F, imeneyo ndi hex, kalembedwe ka manambala kogwiritsa 0 mpaka 9 ndi A mpaka F. Isandutseni kaye mu Python ndi `int("zilembozo", 16)`. Ikakhala kiyi ya RSA ya m'fayilo, lamulo ili likutulutsirani nambala yake mu hex:

```
openssl rsa -pubin -in kiyi.pem -noout -modulus
```

## Sitepe 2: Onani ngati ndi yophwanyika

```
ispseudoprime(N)
ispower(N)
```

Loyamba likayankha 1, nambala yanu ndi pulayimu, palibe chophwanya, kapumeni. Lachiwiri likayankha china osati 0, ndiye kuti nambalayo ndi ina yodzichulukitsa yokha kangapo. Tengani ruti yake muyambe ndi imeneyo. Mafunso awiriwa satha ndi sekondi imodzi, koma ndinaonapo munthu akudikira ECM masana onse pa nambala yoti inali pulayimu.

## Sitepe 3: Funsani factordb

Pitani pa factordb.com, matani nambala yanu. Mukaona FF, wina anaiphwanya kale yonse ndipo mafakita ali pomwepo. CF ikutanthauza kuti mafakita ena akudziwika koma patsala chidutswa. C ndiye kuti ndi yophwanyika koma palibe fakita yodziwika. P ndi PRP ndi za mapulayimu. Manambala ambiri a m'mabuku ndi m'mipikisano yakale amakhalamo.

Chenjezo: nambala iliyonse imene mwaika pa tsambali imasungidwa, ndipo aliyense atha kuiona. Ngati ndi ya kiyi yanu imene mukuigwiritsabe ntchito, musaiike.

## Sitepe 4: Yang'anani kumene nambala yachokera

Pano mpamene mutu umaposa makina.

Ngati nambala ili ndi maonekedwe, monga 2^99 − 1, aljebra ikupatsani mafakita aulere. Popeza 9, 11 ndi 33 amalowa mu 99, ndiye kuti 2^9 − 1, 2^11 − 1 ndi 2^33 − 1 onse amalowa mu nambala yanu. Gawani kaye, muphwanye zidutswa chimodzichimodzi. Manambala a mtundu umenewu anthu akhala akuwalemba mu matebulo a Cunningham kuyambira 1925, ndipo ambiri mwa iwo muwapeza pa factordb.

Ngati mwapatsidwa manambala awiri kapena angapo a RSA nthawi imodzi, yesani `gcd(N1, N2)`, limene limapereka fakita yaikulu koposa yolowa mwa onse awiri, pa awiri aliwonse. Yankho likaposa 1, manambalawo ali ndi pulayimu imodzi yofanana, ndipo onse awiri aphwanyika nthawi yomweyo, ngakhale atakhala a madijiti 600. Si nthano ya m'kalasi iyi: mu 2012 ofufuza anasonkhanitsa makiyi a pa intaneti n'kuphwanya masauzande ambiri mwa njira yomweyi.

Chachitatu, mapulayimu awiri aja akhoza kukhala oyandikana. Njira ya Fermat imagwira zimenezi msanga. Tengani 8633. Sikweya ruti yake ili pakati pa 92 ndi 93. Tikachulukitsa 93 ndi 93 tipeza 8649, tikachotsa 8633 patsala 16, amene ndi 4 kuchulukitsa 4. Ndiye mafakita ndi 93 − 4 ndi 93 + 4, kutanthauza 89 ndi 97. Pa nambala yaikulu ndi chimodzimodzi:

```
from math import isqrt

def fermat(n, maulendo=1000000):
    a = isqrt(n)
    if a * a < n:
        a += 1
    for _ in range(maulendo):
        b2 = a * a - n
        b = isqrt(b2)
        if b * b == b2:
            return a - b, a + b
        a += 1
```

Ikatha maulendo 1 miliyoni osapeza kanthu, isiyeni. Kuwonjezera maulendo sikuthandiza. Mapulayimuwo ndi otalikirana basi.

Chenjezo: musagwiritse `math.sqrt` kapena chizindikiro cha `/` pa manambala aakulu. Zonse ziwiri zimayankha mongoyerekeza ndipo madijiti a kumapeto amasokonekera. Gwiritsani `isqrt` ndi `//`.

## Sitepe 5: Chotsani timafakita tating'ono

```
factor(N, 10^7)
```

Lamulo ili likuchotserani mapulayimu onse osafika 10 miliyoni. Nambala yomaliza pa mndandanda ndiyo chotsala chanu, ndipo mwina si pulayimu. Chiyeseni ndi `ispseudoprime`, chisungeni mu fayilo yatsopano, muwerengenso madijiti. Nthawi zina nambala ya madijiti 105 imatsika n'kufika 92 pompano, ndipo ntchito ya usiku wonse yasanduka ya ola limodzi.

PARI ikadandaula kuti stack yadzaza, lembani `default(parisizemax, 2000000000)` muyambirenso.

## Sitepe 6: P−1 kamodzi, kenako ECM

Yambani ndi njira ya P−1 ya John Pollard. Imagwira pulayimu p ngati p − 1 ili ndi mafakita ang'onoang'ono okhaokha, ngakhale p itakhala yaikulu.

```
ecm -pm1 -maxmem 2000 -inp nambala.txt 1e9
```

Chitani kamodzi kokha. Kubwereza ndi malire omwewo n'kutaya nthawi, yankho silisintha.

ECM, njira ya Hendrik Lenstra, ndi ina. Imafanana ndi kuwedza ndi mbedza. Ulendo uliwonse, umene pulogalamu imautcha curve, uli ngati kuponya kamodzi: mwina nsomba idya, mwina ayi, ndipo kuponya kwa tsopano sikukumbukira kwa dzulo. Nambala yotchedwa B1 ili ngati kutalika kwa chingwe: yaing'ono ndi yachangu koma imagwira za m'mphepete, yaikulu imafika pakuya koma ulendo umodzi umatenga nthawi. Ubwino wa ECM ndi woti liwiro lake limadalira kukula kwa fakita imene mukusaka, osati kwambiri kukula kwa nambala yonse. Nambala ya madijiti 300 yokhala ndi fakita ya madijiti 25 ECM imaithyola bwinobwino, pamene sefa zonse za m'munsimu, njira za pa sitepe 7 ndi 8, sizingaiyambe n'komwe.

Yesani kaye pa nambala yodziwika, muone ngati zonse zili m'malo:

```
echo "2^256+1" | ecm -one -c 100 11000
```

Muyenera kuona fakita 1238926361552897, ya madijiti 16, ndi chotsala cha madijiti 62 chimene ndi pulayimu. Richard Brent ndi Pollard anaipeza fakita imeneyi mu 1980. Inu muipeza musanamalize kuwerenga ndime ino.

Tsopano pa nambala yanu, kwerani makwerero motere, osadumpha:

| Fakita ya madijiti | B1 | Maulendo, pafupifupi |
|---|---|---|
| 20 | 11000 | 100 |
| 25 | 50000 | 250 |
| 30 | 250000 | 500 |
| 35 | 1000000 | 1,000 |
| 40 | 3000000 | 2,500 |
| 45 | 11000000 | 4,500 |
| 50 | 43000000 | 7,500 |

Mwachitsanzo, mzere wachitatu ndi `ecm -one -c 500 -inp nambala.txt 250000`. Lamulo limodzi la `ecm` limagwiritsa core imodzi, ndiye ngati muli ndi ma core 4 tsegulani ma terminal anayi, aliyense achite maulendo 125.

Pali ziwiri zimene anthu samva. Choyamba, kumaliza mzere sikutsimikizira kuti fakita ya msinkhu umenewo kulibe. Mukachita maulendo onse a pa mzere, mwayi woti mwaiphonya umakhalabe pafupifupi 37 pa 100. Mzere wotsatira nthawi zambiri ndi umene umatola zophonyedwazo, choncho musabwereze mzere womwewo katatu chifukwa cha mantha.

Chachiwiri ndi kudziwa poimira. Msodzi amene wakhala pa mwala kuyambira m'bandakucha amavutika kuchoka, amati mwina ulendo uno. ECM imachititsa chimodzimodzi. Muyezo umene odziwa amatsata ndi uwu: sakani mafakita mpaka pafupifupi magawo atatu mwa khumi a madijiti a nambala yanu. Ya madijiti 100, imani pa mzere wa 30. Ya madijiti 130, imani pa 40. Kupitirira apo, sefa imaliza msanga kuposa mwayi wanu. Ndipo ngati mukudziwa kuti nambala ndi ya RSA, yopangidwa ndi mapulayimu awiri ofanana msinkhu, dumphani ECM yonse. Fakita yaikulu koposa imene ECM inapezapo ndi ya madijiti 83, mu 2013, ndipo sanaipeze pa laputopu.

Mukagwira fakita, gawani, yesani chotsala ngati ndi pulayimu, werenganinso madijiti, mupitirize ndi chotsalacho.

## Sitepe 7: SIQS, mpaka madijiti 95

Kuyambira pano si mwayinso, ndi ganyu ya mizere: mukudziwa kukula kwa munda, ndipo mutha kuwerengera kuti muweruka nthawi yanji. SIQS imasefa manambala ambirimbiri n'kutola amene amatchedwa relations. Ikatola okwanira, imawaphatikiza n'kutulutsa mafakita.

Pangani foda yatsopano ya nambala imeneyi, ikanimo YAFU, lembani:

```
yafu "siqs(nambala yanu apa)" -threads 4
```

Mukalemba `factor` m'malo mwa `siqs`, YAFU ichita yokha sitepe 5, 6 ndi 7 motsatana. Ndi zabwino, ndipo ine ndimatero masiku ambiri, koma ndikofunika kuti muzidziwa chimene ikuchita, kuti ikaima mudziwe paimira.

Pa laputopu wamba ya ma core 4, madijiti 60 ndi masekondi, 80 ndi mphindi zingapo, 90 mpaka 95 ndi nkhani ya ola, kuchepera kapena kuposerapo malinga ndi makina. Nthawi imawirikiza kawiri pa madijiti atatu aliwonse owonjezera. N'chifukwa chake SIQS pa madijiti 110 ndi kudzizunza.

Chenjezo: YAFU imalemba zimene yatola mu fayilo ya `siqs.dat`. Magetsi akathima, bwererani mu foda yomweyo, lembani lamulo lomwelo, ipitiriza pamene inalekera. Koma mukayamba nambala ina mu foda yomweyo, za poyamba zija zapita. Nambala imodzi, foda imodzi.

Ikangotseguka n'kufa ndi mawu akuti Illegal instruction, mwakopera YAFU yopangidwira ma processor atsopano a AVX2 kapena AVX-512 pamene wanu ndi wakale. Malaputopu a kaunjika ambiri amene tili nawo kuno ali choncho. Koperani ya wamba. Mukagwiritsa `-batchfile`, dinani Enter kumapeto kwa nambala mu fayilo, apo ayi YAFU siiwerenga. Komanso sungani fayilo ina padera, chifukwa imafufuta mzere uliwonse umene yamaliza.

## Musanayambe ntchito ya masiku: kutentha ndi magetsi

Amene analemba mapulogalamuwa amakhala kozizira, ndipo magetsi awo sathima. Ife tili ku Mangochi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 35 masana ndipo m'nyumba ya malata mumaposa apo. Kusefa kumayendetsa ma core onse mpaka mapeto, maola ndi maola. Processor ikafika cha m'ma madigiri 90 imadzichepetsa yokha liwiro, ikapitirira laputopu imazima.

Ikani laputopu patebulo, osati pabedi kapena pamphasa. Ikwezeni pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Puputani fumbi pa fani. Ikani `lm-sensors` muzilemba `sensors` kuti muone kutentha. Kukatentha, chepetsani ma thread, nambala ya pa `-threads` ija: atatu oyenda bwino amaposa anayi owefuka. Yambitsani ntchito madzulo dzuwa litapepa. Ngati nambala si yachangu, isungireni Juni ndi Julayi, nthawi ya mwera, pamene asodzi akukokera mabwato kumtunda ndipo laputopu ikupuma bwino. Anzathu a ku Namwera kumtunda kuja ali ndi mwayi pa nkhani imeneyi.

Pitani pa zokonzera magetsi a laputopu, muletse kugona ikatsekedwa chivundikiro kapena ikasiyidwa osakhudzidwa. Ambiri amadzuka m'mawa n'kupeza kuti inagona patangotha mphindi 15. Yendetsani ntchito mkati mwa `tmux` kapena `screen`, kuti terminal ikatsekedwa mwangozi ntchito isafe. Dziwaninso kuti batire lopirira maola anayi mukamalemba kalata silifika pamenepo mukamasefa. Magetsi akathima, dinani Ctrl ndi C nokha, musadikire kuti laputopu izime fayilo ikulembedwa.

## Sitepe 8: CADO-NFS, madijiti 95 kupita m'mwamba

CADO-NFS imapangidwa makamaka ndi akatswiri a ku Nancy ku France, ndipo ndi yomweyo imene inaphwanya RSA-240 mu Novembala 2019 ndi RSA-250 mu Febuluwale 2020. Kuiika:

```
sudo apt install git build-essential cmake libgmp-dev python3-flask python3-requests
git clone https://gitlab.inria.fr/cado-nfs/cado-nfs.git
cd cado-nfs
make
```

`make` imatenga kanthawi, kaphikeni tiyi. Ikatha, iyeseni kaye ndi nambala ya madijiti 60 imene ilibe mafakita ang'onoang'ono. Ndi bwino kuona vuto pa mphindi zisanu kusiyana ndi kuliona pa tsiku lachitatu. Kenako:

```
./cado-nfs.py NAMBALA -t 4 tasks.workdir=/home/dzinalanu/c100
```

Chenjezo lalikulu m'malangizo onsewa: musaiwale `tasks.workdir`. Mukapanda kuiuza, CADO imaika ntchito yake mu `/tmp`, ndipo Ubuntu imasesa `/tmp` kompyuta ikayaka. Ine zinandichitikira ndi nambala ya madijiti 118: tsiku lachiwiri magetsi anathima ndili ku msika, batire linatha, nditayatsa ndinapeza mbee. Amene ali pa WSL aike foda mkati mwa Linux, osati ku `/mnt/c`, chifukwa kumeneko kulemba mafayilo kumachedwa.

Ntchito imayenda motere. Imayamba ndi kusankha polynomial. Kenako kusefa, kumene kumadya nthawi yochuluka kuposa zonse; pa sikirini pamaoneka kuti yafika pati ndi nthawi imene ikuganiza kuti imaliza, koma musaikhulupirire pa ola loyamba, imasinthasintha. Kusefa kukatha imapeta zobwerezeka, kenako pamabwera linear algebra, imene imafuna RAM yambiri. Tsekani Chrome ikafika pamenepa. Pomaliza imatenga sikweya ruti n'kulemba mafakita pa mzere womaliza.

Ikaduka panjira, musalembenso lamulo loyamba lija. Mu foda ya ntchito muli fayilo yokhala ndi mawu akuti `parameters_snapshot` m'dzina lake. Tengani ya nambala yaikulu kumapeto:

```
./cado-nfs.py /home/dzinalanu/c100/c100.parameters_snapshot.0
```

Ipitiriza pamene inalekera.

Za nthawi: madijiti 100 ndi maola angapo, 120 ndi tsiku kapena masiku awiri, 140 ndi mlungu kapena iwiri, 155 ndi mwezi kupita m'tsogolo. Apa nthawi imawirikiza kawiri pa madijiti asanu kapena asanu ndi limodzi aliwonse. Ngati muli ndi makompyuta angapo pa netiweki imodzi, monga mu labu ya sukulu nthawi ya holide, imodzi ikhoza kukhala mwini ntchito, zinazo n'kuthandiza kusefa pogwiritsa `cado-nfs-client.py`. Pemphani kaye chilolezo kwa a hedi. Mayuniti a magetsi amatha.

Chenjezo: CADO imayembekezera kuti mafakita ang'onoang'ono munachotsa kale. Musaipatse nambala imene sinadutse sitepe 2, 5 ndi 6.

## Sitepe 9: Tsimikizani

Chulukitsani mafakita onse muone ngati akubwezerani nambala yoyambirira ija ya mu `nambala.txt`, osati chotsala cha panjira.

```
p * q == N
isprime(p)
isprime(q)
```

Zonse zitatu ziyankhe 1. `isprime` imachedwerapo kuposa `ispseudoprime` chifukwa imapereka umboni weniweni, koma pa mafakita a madijiti 60 kapena 70 sichedwa. Ina ikayankha 0, bwererani nayo ku sitepe 5.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kugawa mpaka kufika pa N. Ngati mukulemba nokha pulogalamu yogawa, imani pa sikweya ruti. Ndipo ngakhale mutatero, kugawa kumathandiza pa mafakita a madijiti 8 kapena 9 basi. Frank Nelson Cole anaonetsa mu 1903 kuti 2^67 − 1 ndi 193707721 kuchulukitsa 761838257287, atawerengera pamanja. Pulogalamu yanu ikalephera imeneyi m'mphindi zochepa, vuto lili mu pulogalamu.

Kusokoneza ma bit ndi madijiti. Kiyi ya ma bit 256 ili ndi madijiti 77 kapena 78, ndi ya YAFU, mphindi zochepa. Ya 512 ili ndi madijiti pafupifupi 155. Ya 1024 ili ndi 309, ya 2048 ili ndi 617. Wina akamva 256 amathawa poganiza kuti ndi madijiti. Wina akamva 1024 amati n'kuwirikiza kawiri chabe ntchito ya 512.

Kukhulupirira mayeso a Fermat olemba nokha, oyesera ngati nambala ndi pulayimu (si njira ya pa sitepe 4 ija). Nambala 561 ndi 3 kuchulukitsa 11 kuchulukitsa 17, koma imadutsa mayesowo ngati pulayimu pa base (nambala yoyesera) iliyonse yopanda fakita yofanana nayo, monga 2, 5 kapena 7. Manambala otere alipo osatha. Gwiritsani `ispseudoprime` kapena `isprime`.

Kusiyira sympy nambala yaitali. `factorint` ndi yabwino pa foni ndi pa manambala afupiafupi. Pa madijiti 70 a RSA muidikira mpaka mutopa, pamene YAFU ikanamaliza kalekale.

Kuyendetsa zonse nthawi imodzi. ECM pa terminal ina, YAFU pa ina, CADO pa ina, zonse zikulimbirana ma core omwewo. Palibe imene imafulumira, laputopu imangotentha.

Kulimbana ndi RSA-2048. Chaka chilichonse pamabwera wina wofuna kuti "tingoyesa". RSA-250 ili ndi madijiti 250 okha, ma bit 829, ndipo inadya ntchito yofanana ndi core imodzi yoyenda zaka pafupifupi 2,700. Nambala ya ma bit 2048 yopangidwa bwino palibe amene anaiphwanya. Ikakhala ya funso la mpikisano, ndiye kuti ofunsa anabisamo chilema: bwererani ku sitepe 3, 4 ndi P−1. Ikakhala kiyi ya munthu wina amene sanakuloleni, isiyeni, si yanu.

Kusasunga yankho. Mafakita amatuluka pa sikirini kamodzi, munthu n'kutseka terminal mwachimwemwe, kapena magetsi n'kuthima asanadzuke. YAFU imalemba mu `factor.log`, CADO imasiya fayilo ya log mu foda ya ntchito, ndiye yang'anani kumeneko musanayambirenso. GMP-ECM payokha siisunga kanthu: onjezerani `| tee -a ecm.txt` kumapeto kwa lamulo lililonse. Mukawaona mafakita, ajambuleni pa foni, muwalembenso m'kope muja munalemba madijiti pa sitepe yoyamba.